Khomo Limene Tinatsegulira Nyanja

Penang, 2 Sepitembala 2004

Dek Nida,

Assalamu alaikum. Muli bwanji kumeneko, iwe ndi Mak? Ine ndili bwino, kupatula msana umene watopa ndi njerwa za eni ake. Tafika pansanjika yachisanu ndi chinayi. Ndikasuzumira pansi anthu amaoneka ngati nyerere, ndipo mtima umandiwawa. Ndikumangira alendo nyumba zofika kumitambo, pamene mayi anga akukwera makwerero ovunda a nyumba yathu ya pamizati ndi maondo otupa.

Ndiye tamvera, mlongo wanga. Toke Basyah wa sitolo uja wandipeza kudzera mwa mlamu wake amene timagwira naye ntchito kuno. Akufuna malo a mitengo ya bangka ali pakati pa nyumba ndi nyanja. Adule, akumbe maiwe owetera udang, monga anachitira kwa anansi athu onse. Tinsomba ta ndevu timeneto ndi timene tamugulira galimoto. Zimene akupereka zikwanira kumangira Mak nyumba ya njerwa, yapansi, yopanda makwerero, ya bafa m'kati. Malata ndidzagula ine.

Ndikudziwa kuti malemu Ayah, bambo athu, anapereka malowo kwa iwe pamaso pa mboni, pamodzi ndi nyumba, monga zimayenera kwa mwana wamkazi. Ine mwamuna ndilibe mawu pamenepo, ndipo Toke akufuna amve kwa mwini wake. Koma taganiza, Dek. Mitengo yoima ndi miyendo m'matope ngati akakowa imabala chiyani? Udzudzu basi.

Undiyankhe msanga. Ngati wina akubwera kuno unditumizire nsomba zouma, za kuno zimanunkha sopo.

Ndine mchimwene wako,
Marzuki

Kuala Meuria, 19 Sepitembala 2004

Bang Marzuki,

Wa alaikum salam. Kalata yanu yafika dzulo, yotsegula kale. Asilikali a pamlatho amawerenga zonse, ndiye nawonso adziwa za msana wanu.

Ife tili bwino. Maondo a Mak amatupa mvula ikamayandikira. Ndawawerengera kalatayo kawiri. Akuti ndilembe mawu awo osasintha, ndiye nawa: "Umuuze Marzuki kuti bafa la m'nyumba ndi la odwala. Umuuzenso akwatire msanga, pachithunzi chija tsitsi layamba kuthawa." Za mitengo sananene kanthu. Nditawafunsa anati, "Mitengo ndi yako, pakamwa ndi pako."

Dzana madzi ataphwera tinalowa m'mitengomo ndi Cek Ramlah. Ngakhale amapondana ndi Mak pobadwa, m'matope amayenda ngati mtsikana. Tinadzaza dengu ndi nkhanu. Zina tinadya, zina tinasinthanitsa ndi mpunga. Yaikulu ina inandipana chala ndipo sindinakuwe. Cek anati, "Mwana iwe, ngakhale ng'ona itakugwira udzangoiyang'ana mwaulemu."

Mukukumbukira chaka chimene mafunde anadya mzere wa kokonati? Inu munali mutapita kale ku Medan. Ayah ankanditenga, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kukabaya m'matope mbewu zija zazitali ngati makandulo, kuwonjezera pa mitengo imene agogo anasiya. Anthu ankawaseka kuti akulimira nsomba ndiwo. Iwo ankangoti nyanja ndi mnansi wabwino, koma mnansi wabwino naye amafuna mpanda. Pano mitengoyo yapitirira denga la mzikiti.

Ku maiwe a Toke kulibe mthunzi, ndipo mbalame zinasamukako.

Nkhani za kuno ndi zomwezi. Nsomba zouma ndapatsira mwana wa apongozi a Cek.

Mlongo wanu,
Yusnidar

Penang, 8 Okutobala 2004

Dek Nida,

Salamu kwa iwe ndi Mak. Nsomba zafika, anzanga anazimaliza tsiku limodzi, afisi amenewa.

Koma iwe! Ndakufunsa za mitengo, wandiyankha za nkhanu. Ndakufunsa inde kapena ayi, wandiuza za mbalame. Ndawerenga katatu, ndatembenuza pepala, ndaliunika padzuwa, yankho mulibe. Usiku sindikugona, mlamu wa Toke amandifunsa tsiku lililonse pa nthawi ya chakudya.

Ndikudziwa umakonda Ayah. Inenso ndimawakonda. Koma Ayah agona, ndipo amene akukwera makwerero ndi Mak. Tsiku limene adzagwe udzawanyamula ndi mizu?

Tichite chonchi. Lachisanu pa 22, anthu akatuluka mu mzikiti, ukakhale ku sitolo ya Toke. Telefoni ina m'mudzimo mulibe. Ndidzaimba, undiuze ndi pakamwa pako, Toke amve yekha, nkhani ithe.

Uwauze Mak kuti tsitsi lilipo, chinali chithunzi choipa.

Marzuki

Kuala Meuria, 24 Okutobala 2004

Bang Marzuki,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira mukusala bwino. Mak ali bwino. Ine chakudya chomasulira sichikulowa kuyambira Lachisanu.

Inu munangomva mbali yanu, ndiye ndikuuzeni mmene kunalili kuno. Sitolo inali yodzaza. Mwezi wa kusala uno amuna alibe khofi woti agwire m'manja, amangokhala pamabenchi kuyang'ana aliyense wolowa. Telefoni italira, Toke anaikweza m'mwamba ngati wagwira nsomba yaikulu.

"Malaysia! Bwera kuno mwana wa malemu Daud, usaope, siluma."

Ndinamva mawu anu kutali, ndi phokoso la makina kumbuyo kwanu. Munati, "Wavomera, Dek? Yankha msanga, khadi ikutha." Cek Ramlah anali kumbuyo kwanga akunditsina m'nthiti. Mawu analipo, Bang. Anafika pakhosi penipeni. Koma maso onse aja anali pa ine. Ndinayang'ana pansi, ndinaona matope pachala changa cha phazi, ndipo ndinangokhala ndikuyang'ana chalacho.

Wina pabenchi anati, "Namwali akakhala chete ndiye kuti wavomera. Sitikwatitsa choncho kodi?"

Onse anaseka. Toke anandilanda telefoni. "Wamva, Marzuki? Wachita manyazi mwanayu, wavomera. Mboni zadzaza pano, zina zilibe pokhala."

Panjira Cek sanandilankhule mpaka pachitsime. Pamenepo anati, "Pakamwa pakopo unachita kubwereka kwa ndani, kuti ukuopa kuti pangathe?"

Ndiye ndikulemba pano, poti pepala silindiyang'ana. Sindinavomere. Sindikufuna mitengo idulidwe. Mak ndidzawabereka pamsana pamakwereropo ngati pafunika kutero. Chonde muimbireni Toke mumuuze, inu amakumverani. Akuti ayamba Idi ikangotha. Ine kubwereranso ku sitolo ija sindingathe.

Ndidikira.

Yusnidar

Penang, 5 Novembala 2004

Dek wanga wabwino,

Salamu! Kuchokera tsiku la telefoni lija ndikuyenda ngati njerwa zapepuka. Sunalembe, koma ndikumvetsa, ndimakudziwa kuyambira uli kumsana. Unkabisala kuseri kwa mtsuko alendo akabwera. Sunafune kunena inde ndi pakamwa chifukwa cha Ayah, ndipo ine ndalemekeza zimenezo.

Ndajambula kale nyumba kuseri kwa thumba la simenti. Zipinda ziwiri, khonde loyang'ana kumsewu. Khomo ndalikulitsa kuti Mak azilowa ndi Cek Ramlah limodzi osasiya miseche.

Pa Idi sindibwera, abwana akana. Ndatumiza nsalu ziwiri, yobiriwira ndi yako. Mundidyereko makeke aja a timphan, wanga mukulunge m'tsamba la nthochi mupatse mwana wamasiye aliyense.

Marzuki

Kuala Meuria, 25 Novembala 2004

Bang,

Assalamu alaikum. Nsalu zafika, zikomo. Kalata yanu yandionetsa kuti yanga ya pa 24 Okutobala simunailandire. Akuti thumba la makalata lakhala pamlatho mwezi wathunthu.

Makina anayamba Loweruka. Ndinali kupala kokonati pamene ndinamva kulira kwake. Ndinati, Bang aimba lero. Lamulungu ndinadutsa pa sitolo kawiri osalowa, kumvetsera ngati telefoni ilira. Lolemba ndinatseka mazenera. Ndinkayamba kusesa, kusiya, kuyamba kuchapa, kusiya. Mak anati ndikuwazunguza mutu ngati nkhuku yofuna poikira.

Anayambira kunyanja, kudula njira ya ngalande yolowetsera madzi m'maiwe. Pofika Lachiwiri madzulo njirayo inatulukira pabwalo la Cek Ramlah. M'lifupi mwake mabwato asanu atha kuima moyandikana. Mitengo yodulayo anaiunjika m'mbali. Cek anandiitana, anandiimika pakhomo pawo. Nyanja inali kuoneka, mbee.

"Zaka makumi atatu ndakhala pano," anatero, "nyanja sinandionepo ndikusamba. Lero yandiona. Ukudikira chiyani, mwana iwe, kalata yochokera kumwamba?"

Dzulo m'mawa ndinalowa m'matope. Ndinakagwira muzu wa mtengo umene ankati ayambe. Wa makina anati, "Choka apo, Dek, ukugwera pamutu." Ndinati ayi, koma makina anameza mawu anga. Anazimitsa. "Wati chiyani?"

"Ayi."

Anakaitana Toke. Anabwera pamthumbira wa dziwe lake atakwinya nsalu yake ya sarongi. "Kodi ameneyu amalankhula? Ndimayesa chithunzi. Unavomera pamaso pa mboni, mwana iwe."

"Sindinavomere. Mitengo ndi yanga. Ayi."

Ndinanena katatu, Bang. Kachitatu ndinadzimva ndekha. Kenaka ndinamva Mak. Anali atatsika makwerero, Cek atawagwira m'khwapa, ndipo anaima pamene matope amayambira.

"Basyah! Chete wa namwali amawerengedwa pa ukwati, osati pa mitengo. Kapena umafuna kumukwatira? Awiri uli nawowo akukuchepera?"

Anyamata ake omwe anaseka mpaka wina anakhala pansi m'matope. Toke anati akambirana ndi inu, amuna okhaokha. Ananyamula makina n'kumapita.

Mitengo yotsala ndi yambiri. Koma pakati pali khomo, ndipo mphepo ya kunyanja ikulowa mpaka kukhitchini kwa Cek. Musandikwiyire.

Yusnidar

Penang, 9 Disembala 2004

Yusnidar,

Makalata ako awiri afika tsiku limodzi. Ayi wako wafika mochedwa ngati basi ya ku Sigli.

Ukudziwa zimene wandichita? Toke waimbira mlamu wake, mlamu wake wauza malo onse a ntchito. Akunditcha mwamuna wogulitsa nsomba zili m'nyanja. Ndikadutsa ndi wilibala amakuwa, "Marzuki, wakafunsa kwa mlongo wako?" Chithunzi cha nyumba chija ndayatsira moto.

Unali ndi telefoni m'manja. Liwu limodzi lokha. Unandisiya ndilonjeze, unawasiya adule masiku anayi, kenaka n'kukachititsa Mak manyazi m'matope ndi maondo awo. Khala nayo mitengo yakoyo, ikukwatire.

Usavutike n'kuyankha. Chete wako ndatopa naye, ndipo mawu ako amabwera zinthu zitaonongeka.

Uwapatse moni Mak.

Marzuki

Penang, 27 Disembala 2004

Dek Nida,

Muli moyo? Dzulo masana nyanja inakwera kuno, inatenga anthu amene anali kusewera kumchenga. Tinkayesa ndi za kuno zokha. Madzulo pa wailesi ya kanema anati chivomezi chinali kwathu, ndipo madzi alowa m'midzi yonse ya m'mphepete. Akutchula mzinda wa Banda, akutchula Sigli. Kuala Meuria satchula. Sindikudziwa ngati zimenezo ndi zabwino.

Ndaimba ku sitolo ya Toke kosawerengeka. Siikulira n'komwe. Mlamu wake wakhala pafupi nane pano, tikulandirana khadi, sitikuyang'anana.

Ntchito sindinapite. Ndikukhala, ndikuimirira, ndikutuluka, ndikubwerera. Kalata yanga ija uiiwale, Dek. Uing'ambe. Mak munawatsitsa bwanji?

Marzuki

Penang, 7 Januwale 2005

Dek,

Iyi ndapatsira bambo wina wa ku Bireuen amene akupita ndi gulu lonyamula mpunga ndi mankhwala. Walumbira kuti afika yekha m'mudzimo, ngati mudzi ulipo.

Tsiku lililonse ndimapita ku mzikiti kumene amamata maina. Pali pepala la opezeka ndi pepala la oikidwa. Ndimayamba ndi lachiwiri, kenaka loyamba. Simuli pa lililonse. Pasipoti yanga ili ndi abwana, akuti ndidikire mwezi uthe. Ndawauza kuti ndiphwanya kabati yawo.

Ndinati chete wako ndatopa naye. Allah wandipatsa wina wamkulu kuti ndimumve bwino. Tsiku lija ndinamva chete pa telefoni ndinati ndi inde, chifukwa ndi zimene ndinkafuna. Uyu wa tsopano sindikudziwa kumuwerenga, ndipo ndikuopa.

Ngati uli moyo ndipo wandikwiyira, usalembe kanthu. Ungoika pepala lopanda kanthu mu envulopu, umupatse bamboyu. Ndidzadziwa. Ndiuze ngati ndibwere.

Mchimwene wako,
Marzuki

Kuala Meuria, 24 Januwale 2005

Bang Marzuki,

Wa alaikum salam. Tili moyo, ine ndi Mak. Bambo wa ku Bireuen watipeza dzana m'tenti pabwalo la sukulu. Pepala lopanda kanthu sinditumiza. Ndaona zimene chete amachita.

Cek Ramlah anatisiya. Ndayamba ndi zimenezi kuti musawerenge mukuyembekeza.

Linali Lamulungu m'mawa. Ndinali pansi pa nyumba kudyetsa abakha pamene nthaka inayamba kugwedezeka. Sinafune kusiya. Ndinagwira mzati, Mak ali m'mwamba akutchula dzina la Allah. Itasiya anthu anatuluka kumafunsana za mbale zosweka. Kenaka wina anakuwa kuti nyanja yathawa, nsomba zili pamchenga. Ambiri anathamangira komweko ndi madengu. Ndinakwera kuti ndiwatsitse Mak, kuopa chivomezi china. Anakana. Anati, "Maondo akana. Ikagwa igwe nane."

Tikukangana choncho tinamva ngati malole ambiri akubwera limodzi. Ndinayang'ana pazenera.

Kumbali ya maiwe madzi anabwera ataimirira, akuda. Panalibe chowafunsa. Anadutsa maiwe ngati pabwalo, analowa m'nyumba za kumeneko, za njerwa ndi zamatabwa zomwe. Sitolo ya Toke kulibe. Iye sanapezeke mpaka lero. Muuzeni mlamu wake mofatsa.

Kumbali yathu madzi anapeza mitengo. Ndinamva ikuthyoka, mizere ya kutsogolo yonse inagona. Ya kumbuyo inawerama mpaka ndinati yapita, koma inagwira. Mabwato awiri ndi denga la munthu zinakodwa m'nthambi. Madzi anatulukira m'mizu akadali ambiri, koma atatopa, opanda katundu. Analowa pansi pa nyumba, anakwera makwerero asanu mwa asanu ndi awiri aja. Nyumba inagwedezeka ngati bwato. Mak anandigwira dzanja mpaka zikhadabo zinalowa. Madzi anabweranso kachiwiri, anabwerera. Nyumba inaima. Nyumba khumi ndi imodzi za kuseri kwa mitengo zinaima, ndipo amene anakwera m'mwamba ali moyo.

Koma pa khomo lija, Bang, madzi anathamanga ngati m'paipi. Ananyamula mitengo yodula imene inaunjikidwa m'mbali, n'kuiponya pa nyumba ya Cek. Iwo anali pabwalo kuanula nsomba. Ndinawaona atanyamula lichero. Ndinakuwa. Ine amene sindikuwa, ndinakuwa mpaka mawu anatha, koma sanamve. Tinawapeza tsiku lachitatu m'munda wa mpunga.

Mak akuti madzi ndi a Allah, ndisamawerenge. Koma ndimawerenga. Loweruka, Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri. Ndikanalowa m'matope Loweruka, khomolo likanakhala laling'ono ngati zenera. Ndikudziwa inunso muwerenga zanu. Musasenze nokha. Inu munafunsa, ine ndinakhala chete, Toke anadula. Tigawane, katunduyu ndi wolemera.

Nditawawerengera kalata yanu, Mak anati ndilembe izi: "Umuuze Marzuki kuti makwerero ovunda aja ndi amene anandisunga. M'nyumba yake ya njerwa ndikanafera m'bafa." Anaseka pang'ono, kenaka analira, poti woseka naye palibenso.

Sabata yatha kunabwera anthu a mabuku ndi zingwe zoyezera. Anazungulira mitengo, kuyeza pamene madzi anafika. Anasonkhanitsa amuna otsala n'kufunsa kuti nkhalangoyi ndi ya yani. Palibe amene ananditsina. Ndinati, "Ndi yanga. Anabzala ndi Daud, bambo anga." Mawu anatuluka.

Mbewu zagwa zambiri m'matope, zina madzi anazitaya mpaka kumsewu. Ndimatola m'mawa uliwonse ndi nsalu yobiriwira ija, pepani, ilibenso maonekedwe. Ndayamba kubaya pakhomo paja, kuyambira pamene panali khitchini ya Cek kupita kunyanja. Ndafika mizere isanu ndi inayi. Matope ali ndi misomali ndi magalasi, ndipo ndekha sinditha mvula isanathe.

Tsopano ndiyankhe mafunso anu ndi mawu, kuti musachite kuganizira. La pa telefoni lija: ayi. Lakuti ndakukwiyirani: ndinakwiya, zatha. Lakuti mubwere: inde. Kabati ya abwana musaphwanye, mudikire mwezi uthe. Malata musagule. Mubweretse nsapato za mphira ziwiri, zanu ndi zanga. Ine ndimavala nambala 37.

Mlongo wanu,
Yusnidar